Kufika pa Muzu

Pa Ulongwe, kuseri kwa ogulitsa kachewere,
ndili ndi tebulo la miyendo itatu ndi njerwa,
laputopu yosweka pakona, zingwe zopiringizana,
ndi dzina limene anyamata a njinga anandipatsa: Dotolo.

Jenoveva wabwera ndi foni ya mlongo wake
itakulungidwa m'kansalu ngati ndalama za chipepeso.
Gervazio anaigula ku Moatize malasha akulipira,
chifuwa chitamutenga inatsala yokha.
Akuti yalema. Ukaidina imayamba yaganiza
ngati kalaliki wa kuboma amene sanadye.
Yadzaza alendo ochokera nayo kufakitale:
masewera, malonda a nsapato, nyimbo zosapempha,
ukawapirikitsa sachoka, ati kwawo ndi konkuno.

Ndamuuza: malemu anagula nyumba, kiyi anasunga ena.
Kuti tilowe, tikumbe mpaka pa muzu.
Ndadina kanambala kaja kasanu ndi kawiri
monga ugogodera munthu amene ukudziwa kuti alimo,
kachitseko kobisika katseguka.
Chingwe m'foni, chingwe m'laputopu,
zilembo zoyera pagalasi lakuda.

Apa foni yafunsa funso lake limodzi:
ukamasula loko, zonse zamkati zifufutika. Ukuvomera?

Chala chaima m'malere.
Muli chiyani muno, mayi?
Zithunzi, akutero. Ndi mawu.
Masekondi khumi ndi anayi:
"Mana, ndatumiza zikwi ziwiri, ugule feteleza,
usamuuze Tadeu, angamwere."
Kenaka kutsokomola. Kenaka kuseka.

Tamvera kawiri. Wa kabichi wasiya kuitanira malonda.
Ndasamutsira mawuwo m'laputopu, m'kakhadi,
ndi m'foni yanga yomwe, osapempha.
Mbewu sasungira m'chikwatu chimodzi.

Ndavomera. Yafufutika.
Tsopano ilibe mwini, ilibe chinenero, ilibe dzulo.
Ndikuthiramo moyo wina,
wolembedwa ndi anthu amene sindidzawaona,
ogona mochedwa m'mayiko ozizira,
ogawa ntchito yawo ulere ngati moto wa kwa mnansi.
Ndinaukoka usiku wonse, netiweki ikudumphadumpha
pakati pa kuno ndi Dedza, mametikali akusungunuka.

Kamzere kobiriwira kakukwawa.
Makumi anayi. Makumi asanu ndi limodzi.
Magetsi phethi!
Ife eni Cahora Bassa, kuwala kwathu kuli ku Joni.
Batire la laputopu ndi nkhalamba, latsala ndi mphindi zisanu.
Likafera pakati pa mtsinje, foniyi isanduka njerwa,
ndipo tebulo langa lili nayo kale imodzi.
Sindikumuuza. Ndikungotuluka thukuta mu Juni.

Makumi asanu ndi anayi.
Zana.
Galasi lada, lakhala chidere
nthawi yokwana kusenda mbatata zitatu.
Kenaka kachizindikiro kachilendo kayamba kuzungulira,
kuzungulira, kuzungulirabe,
mpaka foni yadzuka yopepuka, alendo onse atasamuka,
ikufunsa dzina ngati mwana wobwera kumene m'kalasi.

Jenoveva wazengereza, koma walemba lake.
Ndamuchenjeza: ya kubanki mwina izikana kutseguka,
kamera usiku iziona ngati m'nkhungu,
ufulu umabwera ndi zigamba zake.
Sakumva. Akudikira chinthu chimodzi.
Ndabwezeramo masekondi khumi ndi anayi aja.

Walipira theka la ndowa ya kachewere,
wakwera njinga yamoto ya ku Domwe,
foni ili pakhutu, fumbi likumutsata.
Gervazio akutsokomola, akuseka
m'nyumba yosesedwa kumene,
kiyi ali m'manja mwa mlongo wake.
Ine ndatsala ndi mawu a munthu amene sindinamudziwe,
ndipo Tadeu akadzadutsa pano, sindimuuza.